Kuchokera pa Mchenga Kufika pa Tabuleti: Mbiri ya Zida za Mphunzitsi ku Mwanza

Mmisiri aliyense adziwika ndi zida zake. Wosula ali ndi mvukuto ndi nyundo, wosema mitondo ali ndi sompho, ndipo mlimi ali ndi khasu. Mphunzitsi nayenso ndi mmisiri, koma zida zake zili ndi khalidwe lachilendo, pakuti zimasintha mwini wake asanakalambe. Khasu limene analimira agogo ndi lomwelo alimira mdzukulu. Koma mphunzitsi amene anayamba ntchito ndi choko chokha m'chaka cha 1994 waona wailesi ikulowa m'kalasi mwake, waona foni ya m'manja, ndipo lero auzidwa kuti aphunzire tabuleti.

Inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi muyenera kudziwa mbiri ya zida zimenezi, kuti chida chatsopano chikafika pa sukulu panu musachiope, ndiponso musachipembedze. Tiitsata mbiriyi m'boma la Mwanza, pamodzi ndi Neno, amene anali gawo la Mwanza kufikira chaka cha 2003. Derali lili kutsidya kwa Shire, m'malire a Mozambique, ndipo pafupifupi chida chilichonse cha sukulu chinafikako kuchokera kunja, chitakonzedwa ndi anthu ena. Tikaiyang'ana bwino mbiri yake tipeza phunziro limodzi lobwerezabwereza: chida chipindula pokhapokha mphunzitsi atayamba wachiphunzira yekha, nachipereka m'manja mwa mwana kuti alembe nacho mawu akeake.

Mchenga ndi Sileti

Sukulu zinadza ndi amishoni. A mpingo wa ku Scotland anakhazikika ku Blantyre mu 1876, ndipo patapita zaka ena anaoloka Shire. Ansembe a Chikatolika a chipani cha Montfort anatsegula mishoni ku Neno mu 1906, ndipo a Seventh-day Adventist anatsegula ku Matandani mu 1908. Kuchokera pa mamishoni otere sukulu zing'onozing'ono zinafalikira m'midzi. Nyumba yake inali ya mitengo ndi udzu, yomweyo tchalitchi pa tsiku la mapemphero, yomweyo sukulu masiku ena. Wophunzitsa anali mnyamata amene anangowapitirira ana ake ndi makalasi owerengeka.

Chida choyamba cha mphunzitsi ameneyo chinali nthaka. Ana anali kusalaza mchenga ndi chikhatho, nalemba a, e, i, o, u ndi chala kapena kamtengo, mphunzitsi nayendayenda kuona. Pambuyo pake panadza sileti ndi pensulo yake yamwala. Sileti inali chinthu chamtengo wapatali: mwana anatha kuinyamula, kuionetsa kwa mphunzitsi, ngakhale kupita nayo kwa makolo ake. Komatu inali ndi chilema chimodzi chofanana ndi cha mchenga. Kuti mwana alembe phunziro lachiwiri anayenera kufafaniza loyamba. Potero mawu a mwana sanali kugona. Anabadwa m'mawa, nafa dzuwa lisanafike pamutu.

Nanga anthu anafuniranji kudziwa kulemba? Chifukwa china chinali kuwerenga Mawu a Mulungu, makamaka Buku Lopatulika litasindikizidwa lathunthu m'Chinyanja mu 1922. Koma ku Mwanza kunali chifukwa chinanso champhamvu. Njira ya ku Tete ndi ku Halale idzera komweko. Amuna ochuluka a dziko lino anaoloka pa Mpatamanga, napyola Mwanza ndi Zobue kunka kukagwira ntchito m'mapulazi ndi m'migodi ya ku Rhodesia ndi ku Joni. Munthu ali kutali afuna kumva za kwawo, ndipo otsala afuna kudziwa ngati ali moyo kapena watchona. Mwana wa sukulu wodziwa kulemba kalata anasanduka munthu wofunika m'mudzi: amayi ndi agogo anali kumuitana, namuuza mawu, iye nalemba. Taonani tsono kuti kulemba kunapeza ulemu wake pamene kunapeza wowerenga. Pa sileti mwana analembera mphunzitsi yekha, koma pa kalata analembera munthu amene anali kuyembekeza mawuwo ndi mtima wonse.

Aphunzitsi Abwerera ku Sukulu

Kwa zaka zambiri Boma la Atsamunda linasiya maphunziro m'manja mwa amishoni. Kuyambira 1907 linangopereka mapaundi 1,000 pachaka kuti mamishoni onse agawane. Mu 1924 kunadza nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes, motsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones, ndipo mmodzi wa iwo anali Dr James Aggrey wa ku Gold Coast, dziko limene lero litchedwa Ghana. Anthuwa anaona kuti sukulu za m'midzi zinali zambiri, koma aphunzitsi ake anali osaphunzitsidwa mokwanira, ndiponso analibe wowayendera. Zotsatira zake, Boma linakhazikitsa Dipatimenti ya Maphunziro mu 1926, ndipo mu 1929 sukulu ya Jeanes inayamba ntchito ku Domasi.

Dzina lakuti Jeanes linachokera kwa Anna Jeanes, mayi wa ku Philadelphia amene anapereka chuma chake kuthandiza sukulu za kumidzi za anthu akuda ku America. Nzeru yake inali iyi: kusankha aphunzitsi amene agwira kale ntchito, kuwabweza ku sukulu pamodzi ndi akazi awo, ndipo akatsiriza kuwatuma kuti aziyendera sukulu za m'midzi, kuonetsa anzawo kaphunzitsidwe kabwino. Mphunzitsi woyendera anali kuonetsa mnzake kagwiritsidwe ka bolodi, kakonzedwe ka phunziro lisanayambe, ndi kapangidwe ka zothandizira kuphunzitsa kuchokera ku zinthu za pamudzi pomwepo, monga timitengo, nthangala ndi dongo.

Pali zina zimene anthu anadandaula nazo m'maphunziro a mtundu umenewu, makamaka kuti analinga kusunga Mwafrika kumudzi ndi kumunda, osamtsegulira maphunziro apamwamba; ndipo dandaulolo linali ndi maziko. Koma chinthu chimodzi a Jeanes anachigwira bwino, ndicho chakuti chida sichiphunzitsa chokha. Bolodi ndi thabwa lakuda chabe kufikira mphunzitsi atadziwa poima kuti asaphimbe zimene walemba, kukula kwa zilembo kuti wa kumbuyo aone, ndi nthawi yopereka choko kwa mwana kuti nayenso adzalembe pamaso pa anzake. Zimenezi munthu sabadwa nazo. Aphunzitsi a masiku amenewo, ena a iwo ali ndi ana ndi imvi zomwe, anadzichepetsa nakhalanso pa benchi. Safunsa anadya phula.

Aphunzitsi Amene Analemba

Kope ndi cholembera cha inki zitafala, mawu a mwana anayamba kugona. Chimene analemba Lolemba chinalipobe Lachisanu, ndipo mphunzitsi anatha kuona ngati mwana akupita patsogolo. Pa nthawi yomweyo makina osindikizira a mamishoni, monga a ku Blantyre ndi a ku Nkhoma, anali kutulutsa mabuku ndi manyuzi m'chinenero chathu. Tsono aphunzitsi ena anazindikira kuti makinawo sanapangidwire mawu a Azungu okha.

Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, analemba buku lake la Nthondo nalipereka ku mpikisano wa bungwe la ku London losamala zinenero za mu Africa, ndipo linapata mphotho mu 1933. T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi, nalitulutsa mu 1934. Pambuyo pake Ntara analembanso Mbiri ya Achewa. Mu 1948 maboma a Northern Rhodesia ndi Nyasaland anakhazikitsa ku Lusaka bungwe losindikiza mabuku a m'zinenero za anthu a kuno, ndipo njira inatseguka kwa olemba ena. Mabuku a E. W. Chafulumira ndi a John Gwengwe anawerengedwa m'sukulu zaka zambiri, ku Mwanza monga kwina konse.

Chifukwa chake tikutchula anthu amenewa ndi ichi: iwo analandira chida chachilendo, ndicho chilembo ndi makina osindikizira, nachiphunzira mpaka kuchiweta, nachigwiritsa ntchito kusunga mbiri, miyambo ndi nzeru za makolo awo. Akadangokhala owerenga za ena, bwenzi ife lero tilibe poyambira. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, inde. Koma wometa nako ndi mwini mudzi.

Mawu Ochokera M'mwamba

Chida chotsatira chinali wailesi. Nyumba ya mphepo ya ku Lusaka inali kuulutsa mawu m'Chinyanja kwa anthu a maiko atatu, ndipo mu 1949 kunatuluka kawailesi kotsika mtengo, kooneka ngati sefuliya, kogulidwa mapaundi 5, kamene Azungu anakatcha Saucepan Special. Dziko litalandira ufulu mu 1964 tinakhala ndi wailesi yathuyathu ya MBC. Mu 1965 Boma linatsegula sukulu yophunzitsa mwa makalata, ya Malawi Correspondence College, ndipo panalinso nthambi youlutsa maphunziro a sukulu pa wailesi. Ziwirizi zinaphatikizidwa mu 1973, ndipo mu 1987 zinatenga dzina lakuti Malawi College of Distance Education.

Wailesi inachita chimene buku silikadatha: inafika tsiku lomwelo ku Thambani ndi ku Kunenekude monga inafikira ku Zomba, osadikira kuti mitsinje iphwe kapena kuti galimoto ipezeke. Koma inali ndi zovuta zake. Inafuna mabatire, ndipo mabatire afuna ndalama. Magetsi anayamba kupangidwa pa Nkula mu 1966, pakhomo penipeni pa dera lino, koma mawaya ake analunjika ku mizinda, sukulu za m'midzi nizitsala mu mdima. Chovuta china chinali chachikulu koposa: wailesi ilankhula koma siimva. Siidziwa ngati mwana wamvetsa, ngati wagona, kapena ngati mvula ikusokosa pa malata. Kumene mphunzitsi anakonzekera, nalemba mawu ofunika pa bolodi phunziro lisanayambe, nafunsa mafunso litatha, ana anapindula. Kumene anangotsegula wailesi natuluka kukaothera dzuwa, mawu anapita ndi mphepo imene inawabweretsa.

Chaka cha 1994

Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chinenero cha dziko, ndipo ana a makalasi oyamba anaphunzira m'Chichewa. Koma kufikira 1994 makolo anali kulipira fizi, ndipo ana ambiri a m'midzi sanalowe m'kalasi. M'chaka chimenecho Boma latsopano linachotsa fizi ku pulayimale. Ana olembetsa, amene anali pafupifupi 1.9 miliyoni, anafika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chokondweretsa, koma makalasi, mabuku ndi aphunzitsi sizinakwane. Ana anakhala pansi pa mitengo, ndipo m'malo ena mchenga unabwereranso pa ntchito yake yakale.

Boma linalemba anthu zikwizikwi amene sanapite ku koleji, nawapatsa maphunziro a masabata owerengeka, nawatuma ku makalasi. Kuti awaphunzitse ali pa ntchito pomwepo, mu 1997 linayambitsa ndondomeko ya MIITEP, imene mphunzitsi anali kukhala miyezi yochepa ku koleji, yotsalayo naphunzira ali pa sukulu pake ndi mabuku odziwerengera. M'zaka zomwezo anamanga malo oposa 300 okumanirapo aphunzitsi, otchedwa ma TDC, amodzi m'zoni iliyonse, ndi mlangizi wake amene timutcha PEA. Mukayang'ana bwino muona kuti PEA ndi mdzukulu wa mphunzitsi woyendera wa Jeanes. Madzi saiwala khwawa. Dziko linabwerera ku nzeru ya 1929, yakuti mphunzitsi aphunzira bwino kwa mnzake, pafupi ndi kalasi lake.

Tikwere

Mu Januwale 2008 wailesi inalowanso m'kalasi mwa njira yatsopano. Unduna wa Maphunziro, mothandizidwa ndi bungwe la USAID, unayamba kuulutsa pa MBC maphunziro otchedwa Tikwere, a mphindi 30 patsiku, poyamba a Sitandade 1, kenaka a Sitandade 2 ndi 3. Sukulu za boma m'dziko lonse zinalandira mawailesi osafuna mabatire ogula, opukusa ndi dzanja kapena oika padzuwa. Okonza Tikwere anali ataphunzirapo kanthu pa zovuta zakale. Mphunzitsi wa pa wailesi sanali kungolankhula. Anali kupempha mphunzitsi wa m'kalasi kuti aimiritse ana, awagawe awiriawiri, asankhe mtsikana ndi mnyamata kuti ayankhe, ndipo anali kukhala chete kudikira kuti zimenezo zichitike. Potero phunziro limodzi linaphunzitsa anthu awiri: mwana anaphunzira kuwerenga, mphunzitsi naphunzira kuphunzitsa.

Thandizo la ndalama linatha mu 2012. Apa pali phunziro lina limene mphunzitsi wa kumudzi alidziwa bwino, lakuti mlendo ndi mame. Ntchito yodalira chuma cha kunja ili ndi tsiku lake lotha, ndipo wailesi ikathyoka chopukusira, wokonza sapezeka. Chimene chinatsala m'sukulu si mawailesi ayi, koma luso limene linalowa m'mitu ya aphunzitsi amene anamvetsera ndi mtima wofuna kudziwa. Ndipo pamene sukulu zonse zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa COVID-19, Boma linatembenukiranso ku wailesi kuti ana a pulayimale aphunzire ali kunyumba, popeza ndicho chida chimene chinatha kufika m'midzi yambiri.

Foni, Kompyuta ndi Tabuleti

Mafoni a m'manja anafika m'dziko lino pakati pa zaka za m'ma 1990 ndi kampani ya TNM, ndipo Celtel, imene pambuyo pake inasanduka Airtel, inatsatira mu 1999. Intaneti yogulitsidwa kwa anthu inayamba mu 1997. Poyamba zonsezi zinali za anthu a m'tauni. M'zaka zoyamba za m'ma 2000 mabungwe ena anabweretsa makompyuta ogwirapo kale ntchito m'sukulu za sekondale, koma pulayimale ya kumudzi inalibe poilumikiza kompyuta. Kalembera wa 2018, amene anapeza anthu pafupifupi 131,000 m'boma la Mwanza, anaonetsanso kuti m'dziko lonse banja limodzi lokha mwa mabanja pafupifupi 10 ndilo linali kuunikira ndi magetsi a mawaya.

Chida chimene chinalowa m'sukulu popanda wochituma ndi foni. Palibe bungwe limene linaigawa, palibe msonkhano umene unaitsegulira. Aphunzitsi anagula okha ndi malipiro awo, naphunzitsana okha. Lero aphunzitsi atumizirana pa WhatsApp zidziwitso za ku ofesi, mafunso a mayeso ndi makonzedwe a maphunziro, zimene kale zinafuna ulendo wa njinga wa tsiku lathunthu. Ichi chitionetsa kuti aphunzitsi sakana zatsopano. Chimene aona phindu lake achiphunzira msanga.

Tabuleti inadza mwa njira ina. Mu 2013, pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe, anayesa maphunziro a masamu a m'Chichewa okonzedwa ndi bungwe la onebillion la ku Britain, mogwirizana ndi bungwe la VSO. Dr Nicola Pitchford wa ku yunivesite ya Nottingham anayeza ana asanayambe ndiponso atatha masabata 8 akugwira tabuleti mphindi 30 patsiku, napeza kuti anaposa anzawo amene anaphunzira mwa masiku onse. Ntchitoyo inakula pansi pa dzina lakuti Unlocking Talent, ndipo mu 2023 Boma linayambitsa ndondomeko ya BEFIT m'sukulu 500 zoyamba, ndi cholinga chofikira ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za boma. Matabuleti ake atchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa, safuna intaneti, ndipo mwana aliyense avala zomvera m'makutu, natsata phunziro pa liwiro lake.

Chifukwa chake Boma lachita zimenezi n'chomveka. Kafukufuku wa MICS wa 2019 ndi 2020 anapeza kuti mwa ana 100 a zaka 7 mpaka 14, ana 19 okha ndiwo anatha kuwerenga ndi kumva kankhani kosavuta. Mphunzitsi mmodzi wokhala ndi ana 100 sangathe kumva mwana aliyense akuwerenga, pamene tabuleti iyankha mwana aliyense payekha, ndipo siitopa kapena kukalipa. Chimenechi ndi chabwino ndithu, ndipo mphunzitsi wanzeru achilandira.

Chimene Tabuleti Siingathe

Komabe tiyeni tiiyese tabuleti ndi muyeso umene tayesera zida zinzake. Poyamba, kodi ifuna mphunzitsi? Inde, koposa. Ndiye aonetsetsa kuti yatchajidwa, kuti yasungidwa pouma ndi pokhoma, kuti mwana wamanyazi sanalandidwe ndi wamphamvu, ndi kuti amene akungodinadina osamva wathandizidwa. Ndiyenso alumikiza chimene mwana waona pa galasi ndi chimene chili m'buku ndi pa bolodi. Mphunzitsi amene sanakhalepo pansi ndi kutsata yekha maphunziro a mu tabuleti, kuyambira loyamba, sadziwa chimene ana ake akuphunzira. Afanana ndi mbusa amene sadziwa kumene ng'ombe zake zidya.

Chachiwiri, kodi ipatsa mwana mpata wolemba mawu akeake? Apa ndipo pali ngozi. Mafunso a mu tabuleti anakonzedwa kale, mayankho ake anakonzedwanso kale, ndipo mwana asankha pakati pa zimene ena anamuikira. Umu ndi mmene aphunzirira zilembo ndi maphatikizo, ndipo m'mera mpoyamba. Koma tabuleti siidziwa kuti manachesi a ku Mwanza apsa liti, ndi kuti ogula ochokera ku Blantyre atchula mtengo wotani. Siidziwa mzere wa malole oyembekeza pa chipata cha malire, kapena sitima ya malasha yochokera ku Moatize kunka ku Nacala, kapena dzina limene agogo atchula nalo mtengo wina wa m'nkhalango ya Thambani. Zimenezi adziwa ndi mwana. Ngati sitimpatsa mpata wozilemba, ndiye kuti tampatsa sileti yowala chabe, imene mawu ake sagonamo.

Nkhaniyi ikhudza chinenero chathu chomwe. Lamulo la Maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chinenero chophunzitsira, ndipo pafupifupi zonse zimene mwana adzapeza pa intaneti zili m'Chingerezi. Mu 2014 kampani ya Google inaika Chichewa pakati pa zinenero zimene makina ake amasulira, koma makina otere aphunzira kuchokera ku zimene anthu analemba kale. Kumene zolembedwa zili zochepa, nawonso atsimphina. Foni yomwe, munthu akalemba mawu a Chichewa, kawirikawiri iwakhotetsa kuti afanane ndi a Chingerezi, ndipo chilembo cha ŵ afuna kuchisakasaka. Chinenero chimene ana ake sachilemba chisanduka cha kumunda ndi kumaliro kokha. Amene adzalemba Chichewa cha mawa ali m'makalasi mwanu.

Zoyenera Kuchita

Tsono mphunzitsi wa ku Mwanza achite chiyani ndi zida zimene ali nazo? Sayenera kudikira chipinda cha makompyuta. Ayambe ndi kope, monga kale. Ana a Sitandade 4 kapena 5 alembe tinkhani ta mizere isanu kapena khumi pa zimene adziwa: kathyoledwe ka manachesi, tsiku la msika, chilimwe chimene mtsinje unauma, mwambi umene anamva kwa agogo ndi tanthauzo lake. Awerengerane awiriawiri, nakonzerana. Nkhani zabwino zikhomedwe pakhoma la kalasi, zisinthidwe sabata ndi sabata, kuti mwana aliyense aone dzina lake pakhoma chaka chisanathe.

Pamenepo foni ilowe. Mphunzitsi ajambule nkhanizo, kapena azitaipe, kapena alole ana okulirapo kuzitaipa okha, nazitumiza kwa mphunzitsi mnzake wa sukulu ina. Ana a ku Kunenekude awerenge zimene alemba anzawo a ku Thambani, nayankhe. Mwana akadziwa kuti mawu ake akawerengedwa ndi anthu amene sanawaonepo, asamala kalembedwe kake kuposa mmene asamalira pofuna kuthawa cholembera chofiira. Ndi mphamvu yomwe ija ya kalata ya ku Halale. Pakutha pa chaka nkhani zonse zisonkhanitsidwe, zisindikizidwe pa makina a pa boma ngati ndalama ilipo, zisokedwe kukhala buku la sukulu. Ana a chaka chamawa adzakhala ndi chowerenga cholembedwa ndi akulu awo, chonena za mudzi wawo.

Pochita izi musamale zinthu zitatu. Musatumize chithunzi cha mwana, dzina lake lonse kapena mudzi wake kwa anthu osadziwika popanda chilolezo cha makolo ndi cha mphunzitsi wamkulu, pakuti chimene chalowa pa intaneti sichifafanizika ndi madzi monga pa sileti. Ndipo dziko lathu lili ndi lamulo la 2024 loteteza mbiri za anthu. Musakonze nkhani ya mwana mpaka isanduke yanu; konzani zilembo, koma mawu a kwawo, ngakhale a Chimang'anja kapena obwereka ku Chipwitikizi cha m'malire, asiyeni, pakuti ndiwo chuma chimene tikuchifuna. Ndipo musaiwale atsikana ndi ana ochedwa kumva, popeza chida chikakhala chimodzi, amene athamangira kuchigwira ndi omwe aja olimba mtima kale.

Pomaliza, phunzirani inu eni. Pa TDC pamene mukumana ndi anzanu, wodziwa kutaipa aonetse wosadziwa, ndipo wachikulire amene adziwa kuphunzitsa chimangirizo aonetse wachinyamata amene adziwa mabatani okha. Mutu umodzi susenza denga. Musachite manyazi ngati mwana wa Sitandade 6 akuposani pa foni. Mfunseni, ndipo iye adzaona kuti kufunsa si kupusa.

Zida zimene tazitchula zonse zinafika ndi mbiri yakuti zidzasintha sukulu, ndipo zambiri zinatha. Masileti anasweka, mawailesi a Tikwere anafa, ndipo matabuleti a lero nawonso adzakalamba, kudzabwera china chimene sitinachilote. Koma buku la Nthondo likalipo, patapita zaka zoposa 90, chifukwa mphunzitsi wina anaphunzira chida cha nthawi yake nalemba nacho m'chinenero cha amake. Mukafika pa sukulu imene Boma lidzakutumani, muone zida zimene zilipo, muziphunzire zonse bwinobwino, ndipo pa chilichonse mudzifunse kuti: kodi mwana uyu alemba nacho chiyani, ndipo adzawerenga ndani?